A Chagada ndi Nsapato Zoyera

A Chagada anapatsidwa dzinali chifukwa kwa zaka makumi atatu akhala akugwira ntchito atagona chagada kunsi kwa magalimoto a eni. Dziko amalionera pansi, choncho anthu amawadziwira ku nsapato. Mukakumana nawo pamsewu akhoza kukudutsani ngati mlendo, koma mukaima pambali pa galimoto imene alowa kunsi kwake, amakupatsani moni musanatsokomole n'komwe. Akazi awo amati nawonso anafunsiridwa chifukwa cha sandasi.

Mkamwini wawo, munthu wa mu ofesi, ankamudziwira ku nsapato zoyera zosongoka, ndipo sankazikonda. Ankati wobwera pagalaja atavala zoyera sanabwere kudzathandiza. Zinthu zinafika poipa mkamwiniyo atagula galimoto yoyenda m'misewu yoipa, n'kupita nayo kugalaja ina kukaikweza ndi kuika matayala akuluakulu, apongozi ake amakaniko ali pompano. A Chagada zinawapweteka kwambiri. Analumbira pamaso pa banja lonse kuti manja awo sadzaikhudza galimoto imeneyo, n'kuwonjezera kuti mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha.

Inafotadi. Galimoto inabwera itatalika moti pokwera munthu ankayamba waganiza kaye, koma ikangothamanga pang'ono inkanjenjemera ngati yagwidwa malungo. Pagalasi loonera kumbuyo, njinga imodzi inkaoneka zitatu. Mkamwini anasinthitsa matayala, anamangitsa mabauti onse, koma ayi ndithu. Tsono mkazi wake, mwana mmodzi yekhayo wa a Chagada, anali woyembekezera, masiku atatsala ochepa, ndipo kuchipatala n'kutali. Galimoto ina panalibe.

Loweruka lina m'mawa nsapato zoyera zinaima pagalaja, mwini wake n'kupempha modzichepetsa. A Chagada anayankha kuti lumbiro ndi lumbiro, koma analumbirira manja, maso sanalumbire. Anakwawira kunsi kwa galimotoyo, n'kupinda manja pachifuwa.

“Lowani nanunso,” anatero. “Maso akhala anga, manja anu.”

Mkamwini anayang'ana pansi podzaza oyilo, anayang'ana malaya ake, kenako anagona pambali pa apongozi ake, phewa ndi phewa, anthu amene chikwatirire mwanayo anali asanakhalepo pampando umodzi.

A Chagada analoza ndi chibwano shafti, chitsulo chachitali chotenga mphamvu ku giyabokosi kupititsa ku difu ya mawilo akumbuyo. Anafotokoza kuti pokweza galimoto, giyabokosi inakwera, difu inatsala pansi, shafti n'kukhala motsetsereka. Kumapeto ake onse awiri kuli mfundo. Mfundozo zikapindika mofanana zimamvana, zikasiyana zimakangana, ndipo mkanganowo ndi umene unkamveka mpaka m'mano.

Poyeza anamuuza atenge chingwe chokhala ndi nati kumapeto kuti chilendewere mowongoka, ndi kapulasitiki koyezera makona kamene mwana wawo anasiya atamaliza sukulu, kamene iwo amakasunga kuposa masipanala onse. Mphuno ya difu inapezeka itaphonya ndi madigiri anayi. Mankhwala ake anali tizitsulo tiwiri, tokhuthala mbali imodzi n'kupyapyala mbali inayo, tolowetsa pakati pa masipuling'i ndi ekiselo, chitsulo chogwira mawilo akumbuyo, kuti mphunoyo itembenuke pang'ono.

Mkamwini analimbana ndi jeke ndi mabauti mpaka dzuwa linafika pamutu. Sipanala inamupulumuka kawiri, dzimbiri linamugwera m'kamwa, koma sanadandaule. Pomaliza analowetsa tizitsulo tija motembenuza, kokhuthala kuli kopyapyala. Madigiri anayi aja tsopano akanakhala asanu ndi atatu. A Chagada anaona, n'kukhala chete. Tisabise, mumtima anasangalala. Anabisa manja m'khwapa kudikira kuti nyanga ifotenso kachiwiri.

Pamenepo pambali pa tayala panaima mapazi awiri otupa, ali m'masilipasi aamuna, zidendene zitatsalira kunja. Mapazi amenewo a Chagada anawagulira nsapato zoyamba, zokwana m'dzanja. Anali asanawaonepo atatupa chonchi, ndipo mantha anawagwira.

“Bambo,” anafunsa mwana wawo ali chiimire, “tsiku lija likakwana ndidzakwera yomweyi?”

Mkamwini anangoona sipanala yachoka m'manja mwake. A Chagada anamasula mabauti, anatembenuza tizitsulo, anamanganso, anayeza kawiri, uku akung'ung'udza kuti chitsiru chimene chikuona cholakwa n'kukhala chete chimaposa cholakwitsacho. Mkamwini anaganiza kuti akunena iye, n'kupepesa. Apongozi anatembenuka kuti amuuze kuti sakunena iye, ndipo aka kanali koyamba kumuyang'anitsitsa kumaso. Anapeza nkhope yotopa, yamantha ngati yawo yomwe.

Poyesa galimoto anaika kapu yamadzi padashibodi monga amachitira nthawi zonse. Anathamanga mpaka kumapeto kwa tala, madzi osatayika ndi dontho lomwe. Atacheuka kuti amufunse mwana wawo ngati akumva kugwedezeka, anapeza wagona tulo kumpando wakumbuyo.

Za lumbiro lija palibe anazikumbutsa, kupatula akazi awo, amene amazikumbutsa mpaka lero. Potsika, a Chagada anayang'ana pansi mwa chizolowezi. Nsapato zija zinali bii ndi oyilo, imodzi itang'ambika kumphuno.

“Musazitsuke,” anatero. “Izi ndiye ndizizipatsa moni.”