Tsiku Limene Amuna Anga Anati Pasi

Bambo anga anabwera kuchokera ku Joni ndi mwendo wotsimphina, jekete lolemera, ndi masewera a makadi otchedwa buliji. Mwendowo unathyoledwa ndi mwala pansi pa mgodi. Masewerawo anawaphunzira m'chipatala cha pamgodipo, pamene anagona miyezi yambiri moyandikana ndi makalaliki atatu amene ankasowa munthu wachinayi. Kwathu ku Biriwiri anthu ankangoti ndi njuga, ndipo amayi anavutika nazo kumpingo mpaka abusa anabwera kudzadzionera okha kuti patebulo sipaikidwa ndalama. Anakhala masana onse, sanatolepo kanthu, ndipo pochoka anati tchimo lotopetsa chonchi silingakope munthu.

Buliji amasewera anthu anayi, awiriawiri, ndipo mnzako amakhala moyang'anana nawe. Aliyense amalandira makadi khumi ndi atatu. Musanaponye khadi mumayamba mwaitana. Aliyense pa nthawi yake amanena kuti iye ndi mnzake adya kangati, ndi mtundu wa makadi umene ukhale wolamulira, kaya sipedi, hati, dayamondi kapena kilabu, aja akuda a timasamba titatu. Wopanda chonena amati pasi. Anthu atatu akatsatizana kunena pasi, kuitana kwatha, ndipo amene analankhula komaliza ayenera kukwaniritsa zimene wanenazo.

Mwa mawu onse oitanira, bambo ankalemekeza amodzi: makilabu awiri. Munthu akayamba ndi mawu amenewa sakunena za makilabu ayi, mwina alibe n'komwe. Akuuza mnzake kuti dzanja limene wanyamula ndi lalikulu zedi, lodzaza maeyisi ndi makingi, ndipo akufuna mpata woti alifotokoze pang'onopang'ono. Choncho mnzakeyo saloledwa kunena pasi. Ngakhale atanyamula zinyalala zokhazokha, ayenera kuyankha kuti madayamondi awiri, kutanthauza kuti ndilipo, pitirizani. Lamulo limeneli ndinalidziwa ndisanadziwe kusinja. Dzanja lotere limabwera mwa kamodzikamodzi, ndipo bambo anali asanaitanepo silamu yaikulu, yodya makadi onse osasiyira adani ngakhale kamodzi. Ankaiyembekezera ngati mmene ena amayembekezerera mwana wamwamuna.

Tinkasewera Lamulungu lililonse tikabwera kutchalitchi, pakhonde loyang'ana kumsewu waukulu, pamene malole ankadutsa ndipo tsidya linalo kunali kale ku Mozambiki. Tinalipo bambo, ine, achipatala ena opuma ntchito amene ankapalasa njinga kuchokera cha ku Boma, ndi aphunzitsi achikulire amene anali mnzawo wa bambo patebulo. Zipani zitachuluka, anthu ankakangana za ndale paliponse, kuchigayo ndi kumaliro komwe, koma pakhonde pathu bambo analetsa. Ankati munthu sangawerenge makadi uku akutukwana boma.

Aphunzitsi aja anamwalira chaka chimene ndinabereka mwana wanga woyamba. Mpando unatsala wopanda munthu, ndipo bambo anauyang'ana milungu ingapo asanandiuze kuti, “Uwauze bambo a mwanayo aphunzire makadi.”

Amuna anga ndi a kuchigwa cha Bwanje, kwa alimi a mpunga. Anabwera kwathu pa chikamwini, anamanga nyumba kuseri kwa ya makolo anga, n'kumalima kabichi ndi mbatatesi m'minda ya amayi, akunjenjemera ndi chisanu cha kumapiri chimene sanachizolowere mpaka lero. Analeredwa mwaulemu wa kale. Akakumana ndi apongozi panjira ankapatuka, akaitanidwa ankanjuta patali, maso pansi. Amayi ankawakonda nazo zimenezi. Bambo ayi. Iwo ankasunga mwambo kumbali yawo, sankalankhula ndi mkamwini mwachindunji, chilichonse chinkadzera mwa ine, koma akatembenuka ankadandaula kuti ndinakwatiwa ndi chithunzi. Ine zimenezi zinkandinyansa, chifukwa munthu sungamutsekere chitseko kenako n'kumamunena kuti salowa m'nyumba.

Nthawi yomweyo panali nkhani imene inkatisowetsa tulo. Amuna anga anali atapatsidwa munda wa mpunga kwawo, wothirira, ndipo anatumiza ankhoswe kudzapempha chitengwa, kuti anditenge ine ndi mwana tikakhale kuchigwa. Amalume anavomera, koma anati mawu omaliza akhale a bambo, poti ine ndinali mwana yekhayo amene anatsala pakhomo. Bambo anati tiona. Mvula inabwera n'kupita, iwo akuonabe. Achibale a amuna anga anayamba kunena kuti munda sungagone, ngati mwini wake sabwera aupereka kwa wina. Nditawafunsa bambo pandekha anandiyankha mosabisa. “Munthu wopanda pakamwa ndimupatse bwanji mwana wanga? Ukadzadwala kumeneko adzangokhala, kuopa kusokoneza anthu.”

Ndiye amuna anga anaphunzira buliji ngati munthu wolemba mayeso. Ndinkawaphunzitsa ine, ndi makadi akale oyala pamphasa, ndipo mutu anali nawo, makadi otuluka ankawakumbukira kuposa ine. Vuto linali mpando. Lamulo la bambo linali lakuti mwamuna ndi mkazi wake sakhala mbali imodzi, chifukwa amauzana ndi maso kapena amakamenyana kunyumba. Choncho ine ndinkakhala ndi achipatala, ndipo amuna anga anayenera kukhala maso ndi maso ndi apongozi awo, chinthu chimene anakula akuuzidwa kuti sichichitika. Ankakhala chammbali, mpando atautembenuza pang'ono, ngati akufuna kuthawa. Akalakwitsa, bambo ankayang'ana ine n'kunena kuti, “Uwauze kuti kingi saponya chisawawa,” munthuyo ali pomwepo.

Tsikulo kunali kozizira, mwezi wa Juni, tonse tili m'majuzi. Anagawa makadi ndi bambo. Atawatambasula anasiya kutsokomola, anawongola msana, ndipo ndinadziwa kuti kwagwa chinthu. Anayang'ana chakumsewu n'kunena mwapang'onopang'ono kuti, “Makilabu awiri.”

Achipatala anati pasi. Inafika nthawi ya amuna anga. Anayang'ana makadi awo nthawi yaitali, makutu akuchita kuoneka kuti atentha, kenako ananena motsitsa kuti, “Pasi.”

Wotsala ndinali ine. Ndikanalankhula chilichonse, kuitana kukanapitirira, bambo akanapeza mpata wina, ndipo cholakwa cha amuna anga chikanakwiririka. M'manja mwanga munali makilabu asanu ndi awiri. Ndinadziwa kuti ndikati pasi, bambo akakamizika kusewera makilabu amene alibe, ndipo ndiwagwetsa ndine. Ndinaganiza za munda uja. Koma amene anandiphunzitsa makadi ndi bambowo, ndipo akanaona kuti ndachita chifundo akanatinyoza tonse awiri, kuti mwamunayo mpaka patebulo amamulankhulira mkazi. Komanso, kunena zoona, ndinali nditatopa kukhala mthenga pakati pa amuna awiri akuluakulu okhala pakhonde limodzi. Ndinati pasi, ndipo sindinadandaulepo.

Pa buliji, kuitana kukatha mnzake wa wosewerayo amayala makadi ake poyera. Amuna anga anayala awo. Munalidi zinyalala, kupatula kwini wa dayamondi. Bambo anamuyang'ana kwiniyo osaphethira. Pambuyo pake tinaona chifukwa chake. Iwo anali ndi masipedi asanu ndi awiri akuluakulu otsatizana, maeyisi onse anayi, makingi a hati ndi dayamondi, ndipo khadi limodzi lokha limene linkawasowa kuti adye zonse linali kwini ameneyo. Silamu yaikulu ija inali itagona patebulopo. M'malo mwake anasewera makilabu awiri ali ndi kilabu mmodzi, ine n'kumadula masipedi awo okongolawo ndi timakilabu tanga. Mawu akuti makilabu awiri amalonjeza kudya kasanu ndi katatu, iwo anaperewera kamodzi.

Palibe amene anatola makadi. Achipatala anayamba kupukuta magalasi awo. Ine ndinkadikira kuti bambo anditembenukire n'kuyamba kuti uwauze, koma sananditembenukire. Anayang'ana amuna anga kumaso.

“Bambo, lamulo la makilabu awiri simulidziwa?” anawafunsa.

“Ndimalidziwa,” anatero amuna anga, maso ali patebulo.

“Nanga munatani?”

“Ndinalibe kanthu m'manja. Kwathu munthu wopanda kanthu saonjezera mawu pa mawu a apongozi.”

“Ine sindinapemphe kanthu kanu,” anatero bambo. “Ndinapempha kuti muyankhe. Pansi pa mgodi mwala ukagwa, kapitawo amaitana mmodzimmodzi mumdimamo. Ulibe nkhani, ulibe nzeru, koma umavomera. Amene sanavomere timadziwa kuti tikafukula mtembo. Ulemu wanuwo kumeneko ungaphetse anthu.”

Ndinaganiza kuti nkhani ya chitengwa yathera pomwepo, ndipo mtima unandiwawa kwambiri. Koma amuna anga anachita chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Anawongola mpando uja, anadzutsa mutu, n'kuwayang'ana bambo.

“Mundikhululukire, bambo. Mwanena zoona, woitanidwa amavomera. Koma chibwerereni pakhomo pano simunandiitanepo. Mmene munati makilabu awiri muja mukuyang'ana kumsewu, ine ndinayesa mukuuza mwana wanuyu kuti adzandiuze madzulo.”

Achipatala analephera kudzigwira, anaseka mpaka misozi. Ine ndinaluma mlomo. Amayi, amene ankasankha nyemba chakumapeto kwa khonde, ananyamula lichero n'kulowa m'nyumba, kuti asaoneke kuti amva mkamwini akuyankha apongozi. Bambo sanaseke. Anasonkhanitsa makadi onse, anawagogoda patebulo kuti alingane, n'kuwapereka m'manja mwa amuna anga, osadzera mwa ine.

“Asakanizeni bwino, bambo,” anatero. “Mwandilanda chinthu chimene ndachidikira kuyambira musanabadwe. Koma pakamwa muli napo.”

Sabata yomweyo bambo anatsimphina mpaka kwa amalume kukanena kuti avomera. Ine ndinasangalala moti ndinayamba kumanga katundu tsiku losamuka lisanadziwike. Ndinkayimba potsuka mbale. Amuna anga anatsikira kuchigwa kukakonza nyumba, ndipo pobwera ankakhala pakhonde ndi bambo n'kumakambirana za mitengo ya feteleza ngati anthu odziwana kalekale. Tinasamuka mvula isanayambe, pa lole ya munthu wina wogula kabichi.

Chimene sindinawerengere, ine amene ndimadzitama kuti ndimawerenga makadi, n'chakuti pa lole ija panakwera anthu awiri mwa anayi a patebulo. Bambo anali atawerenga. Amayi anadzandiuza kuti tsiku limene bambo ankapita kwa amalume, anayima pakhomo n'kunena kuti buliji yathera pamenepa, kenako anatenga ndodo yawo n'kumapita.

Tinalonjeza kuti tizibwera Lamulungu lililonse. Koma mpunga sudziwa Lamulungu, madzi akafika pamunda pako umathirira, ndipo ulendo wochoka kuchigwa kukwera ku Boma, n'kukweranso minibasi ya ku Biriwiri, unkadya tsiku lonse. Tinkabwera pa Khirisimasi ndi pamaliro. Achipatala anayesa kuphunzitsa anthu ena, koma aliyense ankathawa akamva kuti palibe ndalama. Kenako nawonso miyendo inawakana kupalasa njinga.

Ulendo wina ndinabwera ndekha mwadzidzidzi, Lamulungu masana, kudzatenga mbewu ya nyemba. Ndinawapeza bambo pakhonde, tebulo atalikokera padzuwa, atagawa makadi milu inayi. Ankatenga mulu umodzi, kuitana, kuuika pansi, n'kudzuka ndi mwendo wawo uja kukakhala pampando wotsatira kuti akayankhe. Atandiona anachita manyazi, anayamba kusonkhanitsa makadiwo msangamsanga. Ndinawafunsa ngati amanong'oneza bondo kuti anatilola kupita.

“Mpunga wabereka?” anandifunsa.

Ndinati wabereka, ndipo mwana wayamba sukulu.

“Ndiye khala apo,” anatero, akuloza mpando woyang'anana nawo. “Awiri enawo ndiwaitanira ndine.”