Msonkhano Umene Sunachitike

Zaka zanga zoyamba ku Nairobi ndinkagwira ntchito yokonza zipinda za misonkhano pa bungwe lina la mayiko ambiri. Ndinkanyamuka ku South B m'mamawa pa minibasi, zimene kumeneko amati matatu, ndikafika n'kuyamba kuyala mipando, madzi ndi timapepala ta mayina. Msonkhano uliwonse unkalembedwa m'buku, ngakhale wa anthu awiri okangana za makina osindikizira.

Choncho tsiku limene abwana anga anandiuza kuti nditsegule kachipinda kakumapeto koma ndisalembe m'buku, ndinayamba kukayikira. Anati akazembe awiri akufuna kungomwa tiyi. Ine chamumtima ndinati galu wamkota sakandira pachabe. Munthu woyenda pa galimoto ya mbendera sangalumphe mahotela onse a m'tauni kudzamwa tiyi wathu wa m'fulasiki.

Akazembewo ndinkawadziwa. Mmodzi anali wa dziko limene mpaka lero likulamulira kachilumba kena kakutali m'nyanja, winayo wa dziko laubwenzi limene lili ndi asilikali pachilumbapo. Mawa lake kunali msonkhano waukulu wokambirana tsogolo la chilumbacho, ndipo eni ake, amene anasamutsidwa kalekale, anatuma munthu mmodzi, amayi ena achikulire, kudzawalankhulira. Amayiwo ankapempha chinthu chimodzi chokha, choti anthu awo aziloledwa kupita kukalambula manda a makolo awo.

Ndikulowetsa makapu, ndinamva wa asilikali uja akunena kuti za mandazo asazitchule n'komwe, poti ukalola munthu kukaona manda, mawa amanga nyumba pambali pake. Mnzakeyo anavomera ndi mutu n'kulemba pa kapepala kopukutira pakamwa. Atandiona anandimwetulira onse awiri nthawi imodzi, ndipo sindinakukonde kumwetulirako.

Potuluka ndinapeza amayi aja atakhala pabenchi m'khonde, akudikira chiphaso cholowera msonkhano wamawa. Kwathu ku Ntcheu sudutsa ndi chakudya pamaso pa munthu wamkulu osamuitana, angakufunse kuti unaleredwa ndi ndani. Sindinganame kuti unali mwambo wokha, kamkwiyo kanalipo ndithu. Ndinawatsegulira chitseko n'kuwauza kuti karibu, tiyi alipo wambiri.

Akazembe aja anadzambatuka, wina kukoka mpando, wina kutamanda mpango wa amayiwo. Kapepala kaja kanalowa m'thumba ine ndikuona. Anayamba kudandaula za mzere wa magalimoto pa msewu wa ku Mombasa, kenako za mvula, kenako nkhani zinawathera. Posakhalitsa anati akufuna kukaona mitengo ya panja, ndipo pawindo ndinawaona akuyenda mogundana mapewa, manja kumbuyo, mitu pamodzi. Ife tinatsala ndi mabisiketi.

Amayiwo anamwa tiyi wawo mosafulumira. Anandiuza kuti mayi awo anagona kuseri kwa katchalitchi, pansi pa mtengo waukulu, ndipo iwo anachoka pachilumbapo asanathe msinkhu. Anati akazembewo akuoneka anthu aulemu. Ine ndinangoti inde.

Masana abwana anandiitana. Sanakalipe. Anangondikumbutsa kuti kontirakiti yanga inatsala pang'ono kutha, ndiponso kuti m'kachipinda muja simunachitike msonkhano uliwonse. Ndinaganiza za ana anga awiri, ndipo mantha anandigwira.

Mawa lake akazembe aja anapatsana moni ngati anthu amene sanaonane chaka chathunthu. Aliyense anawerenga mawu ake payekha, wina motalika, wina mwachidule, koma onse anadutsa njira imodzi, nalumpha pamalo pamodzi. Za chitetezo zinalipo, za nsomba zinalipo, za manda ayi. Amayi aja atafunsa, anayankhidwa kuti nkhaniyo idzaonedwa pa nthawi yake.

Msonkhano utatha ndinawapeza amayiwo pageti akudikira takisi yopita ku bwalo la ndege ku Embakasi. Anandigwira dzanja.

"Mwana wanga, dzulo ndisanalowe, ankakambirana chiyani anthu aja?"

"Ankangomwa tiyi, amayi."

Anandiyang'ana kwa kanthawi, kenako nkhope yawo inamasuka. Anandikhulupirira, ndipo manyazi amenewo ndikali nawo mpaka lero.

"Ndiye kuti angoiwala," anatero. "Ndiwalembera kalata yowakumbutsa. Muli ndi cholembera?"

Ndinali nacho m'thumba la malaya. Ndinawapatsa.