Mpope wa Mfuti ndi Mchira wa Kangaru

Kwathu kuno ku Dirranbandi, ukafunsa za a Athol Hafemeister, anthu amayamba aseka kaye kenako n'kukulozera njira. Mkuluyu anakalambira m'helikopita, kuombera nguluwe zosakaza mapira a alimi. Koma chimene anatchuka nacho si mfuti ayi, ndi hamala. Geti likavuta, hamala. Pampu ikakana kukoka madzi, hamala. Ngakhale wailesi ya akazi awo a Valmai inalawako, ndipo mpaka lero siinayankhulenso.

Maso atayamba kuchita chifunga, ntchito anaisiyira mwana wawo Ronelle. Pakamwa ankati akupuma, koma bodza lenileni. Helikopita ikamadutsa iwo akuthirira tomato, mtima unkawawa.

Tsiku lina mu Januwale, dzuwa likuswa mtengo, Ronelle analowa m'shedi yawo yokonzeramo zinthu atanyamula mpope watsopano wa mfuti yake, ndi thupi la pamwamba lomwe mpopewo umalowamo.

"Adadi, bowo ili lathina, mpope ukukana. Mawa ndikuuluka, ndiye ndithamange ndikaonane ndi woyendetsa ndege. Mungathe?"

"Iwe, ine ndinayamba kugwira mfuti usanamere ndi dzino lomwe."

"Ndikudziwa. Koma hamala ayi. Mukang'amba thupi ili, m'shedi muno simudzapondamonso, ndikunenetsa."

Mawu amenewa anawalasa, pakuti shediyo ndi yokhayo inawatsalira. Njira ankaidziwa bwino: chitsulo chikazizira chimafota, chikatentha chimafutukuka. Chovuta chinali kudikira, chifukwa kudikira ndi a Athol sizinamwerane madzi. Hamala anaikhomera okha m'bokosi. Mpope anaukulunga m'nyuzipepala, n'kuuika m'filiji yaikulu ya pakhonde momwe a Valmai amasungamo nyama. Atadya masana anagona, kuti manja asayabwe.

Podzuka anapeza a Valmai atapita ku tauni. Anatenthetsa thupi lija pang'ono mu uvuni, anavala magolovesi amaluwamaluwa a kukhitchini, n'kuthamangira ku filiji. Anasolola chinthu chachitali chokulunga, anang'amba pepala mwachangu, n'kuchilozetsa pabowo. Kukankha, osalowa. Kukankhanso, ayi ndithu. Atachibweretsa pafupi ndi mphuno ndi pamene anaona ubweya.

Mchira wa kangaru, nyama yodumphadumpha ya kwathu kuno, abale!

Asanatukwane n'komwe, foni inalira. Anali a Dulcie, mnzawo wa a Valmai wa kutsidya kwa mtsinje.

"Athol, ine ndakalamba inde, koma mano anga sanafike potafuna chitsulo. Akazako anandilonjeza mchira, makala ndayatsa kale. Nanga iyi ndi nyama yanji ya bowo pakati?"

Gogoyo anaseka mpaka kutsokomola. A Athol anayesa kuseka nawo, koma atadula foni anakhala pansi mchira uli m'manja, manyazi atawagwira. Munthu amene ankaona nguluwe itabisala m'mapira ali m'mwamba, lero walephera kusiyanitsa mchira ndi mfuti!

A Valmai anabwera ndi mpope, a Dulcie ali pambali kudzatenga mchira wawo. Mpopewo unali utafunda m'galimoto, pomwe thupi linali litazizira kale.

"Nanga inu mukulunga chitsulo ngati nyama, ine ndilote?" anatero a Valmai. "Bwenzi mutalembapo dzina, bambo a Ronelle."

A Athol anayesa choncho basi. Mpope unalowa pang'ono n'kuima nji! Magazi anawira. Kamodzi kokha, kugogoda pang'ono chabe, ndani angadziwe? Anatsegula bokosi, hamala n'kukhala m'dzanja ngati inkawadikira. Potembenuka, Ronelle anali ataima pakhomo.

A Athol anayang'ana hamala, anayang'ana mwana wawo. Kenako anaipereka kwa a Valmai.

"Tengani iyi, mayi, muziswera mtedza."

Anaugwedeza mpope pang'onopang'ono mpaka unatuluka, anaubwezera m'filiji, iwo n'kukhala pachivundikiro penipeni.

"Mukuufungatira kuti uswe ana?" anafunsa a Dulcie, akukolezera moto pabwalo kuti awauleko ubweya wa mchira.

"Ndikulondera akuba, ndipo mmodzi ndinamukwatira."

Anakhala pamenepo mpaka thako linachita dzanzi. Mchira unakwiriridwa m'makala, fungo linadzaza pakhomo, koma mkuluyo sanasunthe. A Valmai anati chikwatirane sanaonepo mwamuna wawo atakhazikika chonchi, ngakhale m'tchalitchi.

Dzuwa litapendeka, Ronelle anatulutsa thupi mu uvuni n'kuligwira ndi magolovesi aja. A Athol anatenga mpope ndi manja awo enieni, ukuluma zala ndi kuzizira. Sanavutike n'kuyang'ana. Anatsinzina, chala chachikulu chinapapasa kamsomali kolondolera ka pampopewo mpaka chinakapeza, anakalunjikitsa pakampata kake, n'kukankha mofatsa ngati akutseka chitseko cha mwana wogona.

Tsee, kho! Mpope unakhala m'malo mwake.

"Eee, koma ndiye walowa ngati ukupita kwawo!" anakuwa a Dulcie.

Ronelle anauzunguza, anausuzumira, osapeza ndi kachipsera komwe. Anapita ku galimoto yake, n'kubwerako ndi mfuti ina m'chikwama.

"Iyinso ikundivuta, adadi. Ine ndiziuluka, koma za m'shedi muno zikhale zanu. Manja ngati amenewa ine ndilibe."

A Athol anailandira ndi manja awiri. Misozi inatsika, ndipo a Valmai anayesa kuwabisira ponena kuti ndi utsi wa a Dulcie.

"Si utsi ayi," anatero mkuluyo. "Ndakondwa, basi."