Khoma limene amake Daliso anasiya

Aliyense amene anapempherapo m'tchalitchi chathu chakale ku Katondo akulidziwa khoma lakumbuyo lija, lakuda ndi loyoyoka pamene makoma ena onse akuwala. Alendo ankatiyesa aulesi. Ayi ndithu. Khomalo analisiya dala amayi Phyllis Daka, amake Daliso, amene tawaika m'manda mwezi wathawu.

Anabadwira ku Chowa. Atate awo anachokera ku Petauke kudzamanga nyumba za pamgodi, ndipo pokhala opanda mwana wamwamuna, ntchito anaphunzitsa Phyllis. Ali kamtsikana ankadziwa kale kuthira laimu m'dzenje la madzi, kuthawa ikamawira, ndi kuisiya miyezi kuti ifewe isanasakanizidwe ndi mchenga. Ankadziwanso kuti njerwa zakale sizigwirizana ndi simenti, chifukwa imatsekera chinyezi mkati mpaka njerwa zimafumbwa.

Anakwatiwa ndi bambo Levy Daka, nabereka mwana mmodzi yekha, Daliso. Mgodi utatsekedwa, bambo Levy anadwala chifuwa namwalira. Amake Daliso sanakhale pansi. Ankakonza nyumba zakale za m'tauni, korona m'thumba, manja ong'ambikang'ambika, mwana akuwaperekera matope. Loweruka lililonse linali la tchalitchi, ndipo sanalolepo kulipidwa. Ukawayamikira ankangopempha madzi, n'kumati, "Siyani chabe, nipaseni manzi."

Kenaka linagwa tsoka. Daliso, atakula, anamenyana ndi mnzake Jeff pamowa, Jeff n'kufa. Daliso anapita ku ndende ya Mukobeko. Mlongo wake wa Jeff, Mazuba, ndi wa m'kwaya yathu, ndiye mpingo unagawikana. Ena anasiya kupereka moni kwa amake Daliso, ena ankasuntha pabenchi. Ndikulemba izi ndi mkwiyo, chifukwa mayiyo sanaphe munthu.

Anapita kukagwada kwa Mazuba, ndipo Mazuba anawatsekera chitseko. Anabwerako, nakumba dzenje kuseri kwa tchalitchi, nathiramo laimu. Makoma atatu a tchalitchi anawamata okha mpaka kumaliza. Atafika pa lakumbuyo anatsitsa makwerero.

"Ili ni la Daliso," anauza ansembe. "Akachoka kuja afunika apeze nchito yomuyembekeza pano. Ngati kulibe, azayenda kuti?"

Ansembe analola. Koma laimu ya m'dzenje siyenera kuuma, imafuna madzi pamwamba nthawi zonse. Zaka zoposa khumi amake Daliso anasenza madziwo. Mipopi ikauma mu Okutobala ankachokera nawo kutali, chigubu pamutu, miyendo itatupa. Mwezi uliwonse ankakwera minibasi ya ku Mukobeko kukaona mwana, ndipo potsanzika mawu anali amodzimodzi: "Laimu yako ilipo."

Kudandaula kunalipo, ee! Pa chikondwerero chilichonse wina ankaimirira kuti khomalo likutichititsa manyazi, tipeze munthu wina alimate. Enanso ankanena poyera kuti manja okhetsa magazi asakhudze nyumba ya Mulungu. Amake Daliso ankamvetsera mpaka wolankhula atope, kenaka n'kunena kuti, "Namvera, atate. Koma nizamuyembekeza." Denga la mbali imeneyo ankaliyang'anira okha kuti mvula isawononge njerwa.

Chaka chathachi maso anachita khungu, miyendo inakana. Tinayamba kuopa kuti apita Daliso asanatuluke. Ali gone choncho ankafunsabe aliyense wodzawaona ngati m'dzenje muli madzi, ndipo amayi a mphakati wawo ankasinthana kukathira.

Daliso anatuluka kumayambiriro kwa dzinja lino, imvi zili mbuu. Anafika kunyumba nagwada pambali pa bedi, kulira ngati mwana. Amake anamusisita kumutu, koma sanamulole kulira nthawi yaitali.

"Tenga ndowa, ukatape laimu nione."

Anabwera nayo. Amake anaipisa chala, naifikisa. Inali yosalala ngati batala.

"Yakhala bwino. Mailo ukwere."

"Amama, banthu bazakamba chani? Manja aya..."

"Niwamene ayo nifuna pa khoma. Ukwere."

Daliso anakwera m'mawa mwake, tsiku Lolemba. Anthu anaima patali kuonerera, palibe anamupatsa moni. Laimu ikamatidwa imafuna kuphimbidwa ndi masaka onyowa kuti isaume msanga n'kung'ambika, ndipo munthu mmodzi sangamate pamwamba n'kumanyowetsanso masaka pansi. Daliso ankakwera, kutsika, kukwera, thukuta lili kamukamu. Dzuwa litakwera, Mazuba anatulukira. Anaima nthawi yaitali akumuyang'ana. Sanamulankhule, ndipo mpaka lero sanamulankhulebe. Anangotola saka, naliviika m'ndowa.

Madzulo ake ndinapita kukawauza amake Daliso. Anafunsa kuti, "Nindani athirira?" Nditatchula dzina, misozi inayamba kutsikira m'makutu mwawo. Kenaka anapempha kuti tiitane ansembe. Analandira masakramenti, ndipo Lachinayi m'mawa anagona mwamtendere, Daliso atawagwira dzanja, laimu ili m'zikhadabo zake.

Ambuye awapatse mpumulo wosatha, pakuti anatopa mokwanira.

Khoma lija silinathe. Laimu sifulumira, imamatidwa pang'onopang'ono, ndipo Daliso akadali pa makwerero. Loweruka likubwerali pakufunika manja onyamula mchenga ndi madzi. Mazuba, amene anaika mlongo wake m'manda, amafika m'mamawa ndi ndowa yake. Nanga inu amene simunaferedwe, mudzanena kuti chakuletsani n'chiyani?