Bambo Anga ndi Msewu wa pa Boma

Kwathu pa Boma msewu sitiwoloka poyenda. Munthu amayang'ana uku ndi uku, n'kuseka pang'ono, kenako liwiro lopingasa ngati nkhanu. Atatipentera mizere yoyera pafupi ndi msika, tinatha mwezi wathunthu tikuilambalala kuopa kuidetsa. Mayi wina anayanikapo mpunga. Ndinaona ndi maso angawa, ndipo unauma bwino.

Bambo anga, amene anaphunzitsa kupulayimale mpaka kupuma, anadwala sitiroko. Anachira, koma mwendo wamanzere unkabwera mochedwa ngati uli ndi zochita zina. Nyumba yathu ili kumtunda kwa msewu, pomwe bawo ndi anzawo onse zili kumunsi, mbali ya kunyanja. Kuthamanga sakanatha, ndiye anangoleka kupitako. Ankangokhala duu pakhonde, ndipo adokotala anandiuza mosabisa kuti akapanda kumayenda, mwendowo uumiratu.

Loweruka lina ndinawakakamiza. Tinaima m'mphepete mwa msewu mpaka ndevu zimene ndinameta m'mawa zinameranso. Mathiraki a shuga ochokera ku Dwangwa, maminibasi, akabaza, osaduka.

"Tiye tizibwerera," anatero bambo. "Bawo si mankhwala."

"Phazi limodzi lokha, bambo. Linalo lichita manyazi, litsatira."

Anaponda phula. Amayi atatu ogulitsa usipa anali atauyamba kale liwiro, mabeseni pamutu, koma atazindikira kuti ndi aphunzitsi awo akale anabweza moto. Munthu wamkulu sumupitirira osapereka moni, ngakhale pakati pa msewu.

"Mwadzuka bwanji, aphunzitsi? Nanga mwendowu?" anafunsa mmodzi wa iwo.

"Uli m'mbuyomu, ukubwera. Iwe, masamu aja unadzawatha?"

"Anandikana okha, aphunzitsi. Ine ndinkawafuna."

Anayamba kuyenda nafe, phazi ndi phazi. Mkulu wina wochokera kumzikiti analowa m'gulumo, telala naye anasiya makina ake. Tisanafike pakati tinali khamu, tonse maso pansi kuyang'ana mwendo wa bambo. Dalaivala wa minibasi ataona anthu ochuluka akuyenda mozyolika chotero anayesa ndi maliro, n'kuzimitsa wailesi. Akabaza anatsika panjinga, zipewa m'manja. Thiraki inaima. Mbuzi ina imene inali m'mbali mwa ngalande inagwada. Amene akukana sanaliko.

"Watisiya ndani?" anafunsa kondakitala motsitsa mawu.

"Palibe," anayankha bambo. "Ndikukadya nkhomo za anzanga pa bawo."

Tsikulo anadyedwa ndi iwowo, katatu konse, ndipo njira yonse yobwerera ankanena kuti anzawowo aphunzira kuba iwo akudwala. Sanalankhulepo mawu ochuluka chotero chidwalireni.

Lolemba m'mawa ndinawapeza atavala kale nsapato, ndodo ili m'manja. Ndinathamangira m'nyumba kukatenga zanga.

"Ukupita kuti?"

"Kukakuwolotsani."

"Khala usese pakhomo. Kumsewuko ndili ndi anthu anga."