Nthanga za M'phulusa

Ndikukumbukira ine, ndikukumbukira ngati dzulo, chaka chimene mano anga akutsogolo anamera kachiwiri. Tinkakhala kudziko la eni, m'komboni ya Kalingalinga, nthawi ya atsamunda, m'kanyumba ka zidina, denga la malata a migolo opsinja ndi miyala. Bambo ankalawirira kumafakitale, ine n'kumatsala ndi amayi.

Kuseri kwa kanyumbako kunali maungu a amayi. Si maungu wamba ayi! Khungu lotuwa, m'kati mofiira, ukaphika louma ngati mbatata. Nthanga zake amayi anachoka nazo kwawo ku Dedza, atazimanga pansonga ya nsalu. Anawapatsa ndi mayi awo, Anangozo. Agogo amenewo ine sindinawaone. Anamwalira ife tili kuno, ndipo kalata ya maliro inatipeza manda atauma kale.

Pafupi nafe pankakhala mayi wina wa Chibemba, bana Mwila, mayi wa nthabwala, mayi wa manja okoma. Masika a chaka chimenecho ndiwo anandiphunzitsa kukazinga nthanga za shuga. Uzitsuke, uziyanike padzuwa, uziponye m'chiwaya pambaula. Zikayamba kuthetheka, the, the, the, uwazemo timadzi ta shuga, uvundule msangamsanga kuti shuga amate koma asapserere. Zikazizira zimagwirana timibulumibulu tonyezimira. Ukaluma, khuchu! Ee, kukoma kwake ndinkaona ngati ndiye mana aja ankatiuza kutchalitchi.

Maungu anatha, nthanga zinatha, koma nkhuli yanga sinathe.

Lachinayi lina amayi atapita kumsonkhano wa amayi a mpingo, ndinaona kachitini kopachikidwa kudenga. Ndinakwera pamtondo n'kukatsitsa. Mayo ine, nthanga! Zonenepa, zosankhika, koma zonse zili mbuu ndi phulusa. Mumtima ndinati, amayi anaziiwala izi, onani mmene zadera. Ndinapita nazo kuseri, pamene tinkatayira madzi otsukira mbale, ndipo ndinazitsuka mpaka zinayera mbee. Ndinatapa shuga wa tiyi wa bambo, n'kukazinga monga anandiphunzitsira bana Mwila. Sizinapserere ngakhale imodzi. Zina ndinadya, zambiri ndinaziika pambale.

"Amayi, ndakusungirani," ndinatero atangofika.

Anayang'ana mbale, anayang'ana kachitini kali pansi kukamwa yasa, kenaka anakhala pansi padothi, ndi bulauzi yawo yoyera yomweyo.

"Estere, phulusa lija unaliyesa litsiro?"

"Ee amayi, ndatsuka bwinobwino."

"Phulusa ndi chitseko, mwana wanga. Limatsekera anankafumbwe, limatsekanso pakamwa pa munthu. Chimene chagona m'phulusa ndi mbewu. Sadya, ngakhale njala ikulume bwanji."

Bana Mwila anamva n'kubwera akuseka. "Iwe mwana iwe, wadya ambuya bako na shuga?" Koma ataona nkhope ya amayi, analeka kuseka. "Osalila, bana Estere. Nizamipasako zanga. Maungu ni maungu."

"Zikomo," anatero amayi, "koma awo si a mayi anga."

Sanandimenye. Bola akanandimenya! Anangoti, "Basi, Anangozo atha tsopano," n'kulowa m'nyumba. Mbale ija palibe anaikhudza, inadyedwa ndi nyerere.

Anapita masiku, amayi osaimba posinja, amayi osaimba pochapa. Chisanu cha mwezi wa Juni chinalowa. Ndiye m'mawa wina ndikukataya madzi kuseri, ndinaona timasamba tiwiri, tobiriwira, titatukula mutu m'matope, khoko la nthanga lidakali pansonga ngati kachipewa. Nthanga imodzi inandipulumuka m'manja tsiku lotsuka lija!

Ndinakuwa. Amayi anabwera chothamanga, ndipo atafika anaona timasamba tija. Kenaka anagwada, n'kuomba m'manja mwaulemu, monga achitira polonjera munthu wamkulu.

"Mwafika, Anangozo? Mwayenda bwanji m'chisanu chino?"

Ndinagwada nanenso, osauzidwa.

Atadzuka anati, "Dzungu ili lamera nthawi yosakhala yake. Likafa, tilibe lina. Unadya ndiwe, ulere ndiwe."

Ndinalera, ee, ndinalera! Ndinalimangira mpanda wa minga kuopa nkhuku. Dzuwa likapendeka ndinkalifunditsa saka, likatuluka ndinkalivundukula. Madzi ndinkasenza kuchokera kuchitsime, anzanga akusewera fulaye. Tsamba lina linapsa ndi chisanu, ine ndinalira tsiku lonse. Koma linayanga, linayanga, mpaka linakwera mpanda. Bana Mwila akamadutsa ankapempha nkhwani, ankati, "Nipaseniko chibwabwa, nimvereko ambuya." Amayi n'kuyankha, "Mukathyola tsamba limodzi lokha, tidana mpaka kumanda." Onse awiri n'kufa nazo nseko.

Linabala dzungu limodzi. Limodzi lokha, lotuwa, lolemera ngati mwana wa miyezi itatu. Tsiku lolidula amayi anaimba. Nthanga zitauma anaziyala pamphasa, n'kundiuza kuti ndisankhe ndine zonenepa, ndizipake phulusa ndi manja anga, ndiziike m'kachitini. Zotsala anandikankhira.

"Izi tsopano kazinga. Uthirenso shuga wambiri, bambo ako ndilankhula nawo ndine."

Lero mutu wanga wayera ngati phulusa lomwelo, koma maungu a Anangozo adakayanga kuseri kwanga, ndi kuseri kwa ana anga. Masika akafika adzukulu amandizinga, chiwaya chili pambaula, malovu ali chuchuchu. Ine ndimati dikirani, ayambe kudya ndi kachitini.

Ndipo pali chinthu chimandizizwitsabe mpaka pano. Nthanga zonse zimene ndinazigwira bwino, ndi luso langa lonse, ndinazipha m'chiwaya. Imene inandigwa m'manja osaiona, n'kugwera m'matope a madzi otsukira mbale, ndiyo Mulungu anaitola. Ndiyo tikudya mpaka lero.