Anabisa Nkhope, Anaiwala Mtengo

Msuweni wanga Nerissa Dumalagan analonjeza bambo wina kuti palibe amene adzamuzindikire. Analonjeza ali pa tebulo la pakona m'kantini yanga, dzanja lili pachifuwa, ine ndikumva ndi makutu angawa. Bamboyo anadziwika pasanathe mphindi khumi, ntchito n'kumuthera, nyumba n'kumulanda. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti amene anamuulula sanali adani ake. Anali anthu omukonda, ophunzitsidwa bwino ndi Nerissa yemweyo, ndipo inenso ndinali m'kalasi imeneyo.

Nerissa anabadwira m'nyumba za antchito pa esiteti ya nzimbe, kuno ku chilumba cha Negros. Bambo ake ankadula nzimbe, ndipo atadwala chifuwa banja lonse linapatsidwa masabata awiri kuti lisamuke. Choncho palibe angamuuze tanthauzo la kugona m'nyumba ya abwana. Anakula wolongolola, wosaopa munthu, ndipo pakamwa pakepo ndi pamene panamulowetsa pa wailesi ya m'tauni yathu. Anawerenga nkhani zam'mawa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Kenako wailesiyo inagulidwa ndi munthu wina wofuna nyimbo zokhazokha, Nerissa n'kupezeka ali panja ndi katoni ya mapepala, ali ndi zaka 47, wopanda mwamuna, wopanda luso lina kupatula kufunsa anthu mafunso.

Anatsegula tsamba la nkhani pa Fesibuku, ofesi yake n'kukhala tebulo langa la pakona, pafupi ndi potchajira foni. Chaka chathunthu anthu omutsatira sanapitirire mazana anayi. Amatha kukhala tsiku lonse kukhonsolo kumvera za ngalande zotsekeka, n'kulemba bwinobwino, oyamikira n'kukhala atatu: ine, wansembe, ndi mayi wina amene amayamikira chilichonse ngakhale uthenga wa maliro.

"Neri, ukulalikira mipando," ndinkatero pomuikira supu. "Bwera uzindithandiza kusenda adyo."

"Manang Dading, posenda adyo wanuyo adzandidziwa ndani?" ankayankha, akundiitana mwaulemu ngati mkulu wake.

Bungwe lina litaitana atolankhani a m'matauni ang'onoang'ono ku maphunziro a masiku awiri mumzinda wa Bacolod, anapita, n'kubwerako maso ali gwa ngati wobatizidwa kumene.

"Ndinkalakwitsa, Manang," anatero asanakhale n'komwe pansi. "Ndimawalankhula ngati ndili pa wailesi. Akuti anthu safuna kumangomvera, amafuna nawonso ayankhe. Uziwafunsa kanthu, tsiku lomwelo, nthawi yomweyo, sabata iliyonse, ndipo aliyense wolemba ndemanga uzimuyankha."

Mmenemo ndi mmene anayambira masewera ake a Lachisanu. Nthawi ya 12 koloko masana ankaika chithunzi cha kachidutswa ka malo ena a m'tauni muno, kaya ngodya ya mpanda, kaya theka la chikwangwani, kaya mthunzi wa mlatho, n'kulemba kuti, "Pano ndi pati?" Woyamba kulondola ankapata mbale yaulere ya batchoy, supu yathu ya nyama, m'kantini yanga. Ndinadandaula tsiku loyamba lokha.

Anthu anachita kukhamukira. Oposa onse anali ana a kwathu kuno amene ali kunja: antchito a m'nyumba ku Hong Kong, anamwino ku Riyadh, amuna a pa sitima zapamadzi. Munthu amene watha zaka zisanu osaona kwawo amakumbukira ngakhale mng'alu wa khoma. Akapambana ankatuma amayi awo kudzadya m'malo mwawo, ndipo amayiwo ankabwera atatchena ngati akupita ku ukwati. Nerissa ankachepetsa zithunzi sabata ndi sabata, anthu n'kumanolekerabe. Ena ankachita kukuza chithunzi n'kumawerenga mawaya a magetsi. Ine ndinalondola kawiri, n'kudya supu yangayanga monyadira.

Pofika chaka chachiwiri omutsatira anali zikwi makumi asanu ndi limodzi, ndipo ankawerenganso nkhani za ngalande zija. Makhansala anayamba kuyankha foni yake. Ndinamuona msuweni wanga akuyambanso kudzola milomo, ndipo ndinakondwa naye kwambiri. Ndinaiwala kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Mvula ya chaka chimenecho itayamba, nsomba zinayamba kufa mumtsinje. Mvula ikagwa yamphamvu, kukacha madzi ankakhala akuda, onunkha ngati mowa wosasa, nsomba zili mimba m'mwamba kuyambira pamlatho mpaka kumaiwe a kumunsi. Aliyense ankadziwa kuti zikuchokera ku fakitale ya shuga, koma kudziwa kwa tonse sikumangitsa munthu.

Tsiku lina masana kunabwera a Nong Teofilo Sarabia (kuno bambo wamkulu timamulemekeza kuti Nong, mayi kuti Nang). Anali bambo wamfupi, wa imvi, amene anagwira ntchito ku fakitaleyo zaka makumi atatu ndipo ankakhala m'nyumba ya kampani. Anaitanitsa khofi koma sanamwe.

"Inday," anatero kwa Nerissa, monga timaitanira mwana wamkazi kuno, mawu ali pansipansi, "amene amatsegula paipi ija ndine. Mvula ikamagwa amanditumizira uthenga, ndimapita kukapotokola. Akuti madzi a mvula azibisa. Mchimwene wanga ali ndi dziwe la nsomba kumunsi, ndipo dzana wakwirira nsomba zake zonse. Ndinamuthandiza kukumba dzenje, osamuuza kanthu."

"Munganene zimenezi pa kanema, Nong?"

"Ndinganene. Koma akandidziwa, ine ndi akazi anga a Consuelo tikagona kuti? Kwatsala zaka ziwiri kuti ndipume."

Apa m'pamene Nerissa anagwira pachifuwa. Ndipo kunena zoona anayesetsa. Anawajambula chakumsana, atavala chipewa ndi malaya a malemu mwamuna wanga. Mawu anawasintha mpaka kumamveka ngati chule. Anawauza abise manja chifukwa chala china n'chodukira pamakina. Kungoti a Nong Teofilo anaopa kuonedwa akuyenda ndi mtolankhani, ndiye anapempha kuti ajambulire kuseri kwa nyumba yawo, poyang'ana khoma lopanda chilichonse. Pakona ya pamwamba pa kanemayo pankaoneka nthambi ya mango, ndi kachidutswa ka limu ya njinga yopaka utoto wachikasu, imene inakhomedwa pamtengo kalekale kuti ana aziponyamo mpira.

Kanemayo anali wokonzeka Lachitatu. Nerissa anadikira.

"Bwanji osangoika lero?" ndinamufunsa.

"Lachitatu kumakhala anthu ochepa, Manang. Nkhani ngati iyi ikufunika Lachisanu, 12 koloko, onse ali pamzere."

Ndinavomera ndi mutu. Ndinaona kuti ndi nzeru.

Lachisanulo kantini inali yodzaza. Nerissa anaika kanemayo n'kupita kukasamba m'manja. Ine ndinali ndi chikombe kudzanja lina, foni kudzanja lina, ndipo ndinaona ndemanga zikutsika. Zoyamba zinali zaukali, zotukwana fakitale. Kenako wina analemba moseka kuti, "Manang Neri, lero mwatipatsa yovuta! Pano ndi pati?" Wina anati khomalo ndi la nyumba za kampani. Wina anati si za kumtunda, chifukwa za kumtunda anazipaka laimu. Ndiye mwamuna wina wa pa sitima, ali kunyanja za ku Ulaya uko, analemba kuti, "Ndapambana! Limu yachikasuyo ndinakhoma ndine ndili mwana. Pamenepo ndi kwa a Ninong anga a Teofilo, amene anandiimira paubatizo. Ninong, ndakusowani! Amayi abwera mawa kudzadya batchoy."

Anthu makumi anayi anamuyamikira ndi timitima.

"Neri!" ndinakuwa, makasitomala onse n'kutembenuka. "Neri, thamanga!"

Anawerenga ali chiimire, manja akudontha madzi. Anafufuta ndemangayo, koma ena anali atayamba kale kubwereza dzinalo. Anafufuta, anafufuta. Patatha theka la ola anachotsa kanema yense. Anakhala pansi n'kuyang'ana khoma. Madzi akatayika saoleka: anthu anali atajambula kale ndemangazo n'kumatumizirana.

Lolemba a Nong Teofilo anaitanidwa ku ofesi. Sanawakalipire n'komwe. Anangowaonetsa foni, n'kuwapatsa kalata, ndi masabata awiri oti atuluke m'nyumba.

Tsiku losamuka ndinamuperekeza Nerissa, chifukwa yekha sakanapita. Tinapeza katundu ali panja, akudikira jipini, galimoto yonyamula anthu, yopita kudoko; ankapita kwa mwana wawo wamkazi kutsidya la nyanja, ku chilumba cha Panay. A Nang Consuelo atationa anaika pansi mpunga umene ankathira m'thumba.

"Wabwera kudzajambula chiyani china? Mbale zangazi? Jambula, anthu ako alote kuti ndi za ndani."

"Nang, ndabwera kudzapepesa."

"Pepani amagonamo? Ali ndi denga?"

Nerissa anagwada pafumbi pomwepo, mayi wamkulu ndithu, misozi ili chuchuchu. A Nong Teofilo anatuluka atanyamula wotchi ya pakhoma, n'kumudzutsa.

"Dzuka, Inday, anthu akuona. Tandiuza, kanema uja anamuonera anthu angati?"

"Zikwi makumi awiri, Nong, pa theka la ola. Akanakhala, akanafika kutali."

"Akanakhala? Ali kuti?"

"Ndinamuchotsa. Ndinkafuna kukutetezani."

Bamboyo anaika wotchi ija pampando pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti a boma sanamuone?"

"Ndinawatumizira. Akuti mawu a munthu wopanda nkhope si umboni."

"Ndiye kuti nyumbayi ndaitaya chabe," anatero. Sanakweze mawu. Anachotsa chipewa n'kusalaza imvi zake. "Tulutsa foniyo. Jambula nkhope yanga, ndi chala changachi, ndi dzina langa lonse. Palibenso choti andilande."

A Nang Consuelo analowa m'nyumba yopanda kanthuyo n'kumenyetsa chitseko. Nerissa anajambula. Bamboyo analankhula mphindi zinayi, momveka, kutchula masiku ndi maola, osaphethira.

Ndikanakonda kunena kuti dziko linagwedezeka. Kanema wachiwiriyo anaonera anthu osakwana zikwi zitatu. Sabata imeneyo kunali mpikisano wa atsikana okongola pa chikondwerero cha tauni, ndipo anthu anali atatopa nayo nkhani ya nsomba. A boma anabwera kamodzi, tsiku ladzuwa, anatunga madzi oyera m'botolo n'kubwerera. Chondikwiyitsa kwambiri n'chakuti omutsatira Nerissa anawonjezekabe ndi zikwi zingapo chifukwa cha phokoso la Lachisanu lija, ndipo anzake a ku maphunziro aja anamuimbira foni kumuyamikira.

Nerissa akadali pa tebulo langa la pakona. Amalembabe tsiku lililonse, koma wachepa thupi, ndipo asanaike chithunzi chilichonse amachiyang'ana ngodya zonse zinayi mpaka supu kuzizira. A Nong Teofilo akulondera sitolo ya zitsulo ku Panay, akugona m'chipinda chimodzi ndi adzukulu atatu. Sanamusungire chakukhosi, ndipo nthawi zina ndimaganiza kuti akanamutukwana zikanamupepukira.

Mvula yamphamvu ikagwa, kukacha a Nong Teofilo amamuimbira foni. Nerissa amaisiya ilire kawiri katatu, kenako amanyamula ambulera n'kutsetsereka kupita pamlatho, foni ili pakhutu. Sabata yatha ndinapita naye.

"Wafika, Inday? Madzi ali bwanji?"

Nerissa anasuzumira pansi. Ndinamugwira mkono n'kumunong'oneza kuti angowauza kuti ali bwino, bambo wokalamba agone mtima uli m'malo. Anandichotsa dzanja.

"Ndi akuda, Nong," anatero.

 Kenako ndinamva mawu awo patali.

"Ndiye apeza wina wopotokola."